Ulendo wa pa Njinga Wopita ku Blantyre Winayo

Amayi anzanga, tsiku limene ndidauza bambo a kwathu kuti Loŵeruka likudzalo ndidzapita ku Blantyre pa njinga, iwo adatula kapu ya tiyi pathebulo nandiyang'ana nthaŵi yaitali. Dzina la Blantyre silidaŵadabwitse, pakuti ife tikukhala mu mzinda wa Glasgow m'dziko la Scotland, ndipo Mmalaŵi aliyense wokhala kuno amadziŵa kuti chapafupi pomwepa pali kamzinda ka dzina limeneli. Chimene chidaŵazunguza mutu ndi mwezi wake. Udali mwezi wa Januwale m'chaka cha 2025, pakatikati pa nyengo yachisanu, pamene munthu wanzeru zake satuluka m'nyumba popanda chomukakamiza.

"Kodi mayi, sitima zaleka kuyenda?" adafunsa motero.

Ndidaŵayankha kuti sitima zikuyenda ndithu, ndipo zikadandifikitsa kumeneko mphindi 30 zisanathe. Koma ine ndidali nditalembetsa kale dzina langa ku kagulu ka anthu opalasa njinga ka m'dera lathu. Aŵa si anthu a mpikisano amene mumaŵaona pa wailesi yakanema ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, amisiri ndi ena opuma pantchito, amene amakumana Loŵeruka lililonse, kutenthe kuzizire, nkumapalasa limodzi popanda malipiro kapena mphotho. Ulendo wa tsikulo udali wozungulira, wa makilomita pafupifupi 70: kutuluka mu Glasgow kuloŵera kumwera, kukwera zitunda za ku Eaglesham, kutsikira ku Strathaven, ndi kubwerera kudzera ku Blantyre.

Kuti mumvetse chimene chidandiloŵa m'mutu, ndikubwezeni kaye ku Dedza kumene ndidakulira. Bambo anga adali ndi njinga yakuda ya Humber, ndipo njinga imeneyo idali ngati wantchito wamkulu wa pakhomo pathu. Inkapita kuchigayo, inkanyamula mbatata kupita kumsika, ndipo usiku wina idathamangitsa amayi kuchipatala atakhala cham'mbali pa keliyala. Ine ndidaiphunzira mobisa ndili ndi zaka 12, mwendo nditauloŵetsa kunsi kwa chitsulo chapakati monga amachitira ana. Azakhali atandipezerera adandikalipira kuti njinga imaononga mtsikana, ndipo nkhani idathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti masiku amenewo kudali lamulo la kavalidwe la m'chaka cha 1973, limene linkaletsa akazi kuvala thalauzi, ndipo lidachotsedwa chisankho cha 1994 chili pafupi. Kuyambira tsiku la azakhalilo, malo anga pa njinga adali kumbuyo: pa keliyala ya bambo anga, kenaka ya amuna anga, kenakanso ya anyamata a kabaza.

Ndidabwerera pa chishalo nditapitirira zaka 50. Ntchito yanga kuno ndi yosamala okalamba, nthaŵi zambiri usiku, ndipo dokotala adandichenjeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, thupi likufuna kulimbitsidwa. Ndidagula njinga yakaunjika, ndipo miyezi yonse yotentha ndinkazungulira nayo m'paki. Tsono pofika Januwale ndidadziona ngati katswiri. Ndiponso ndinkadzitama mumtima kuti mwana wa ku Dedza, wozoloŵera chisanu cha mu Juni, sangaopsedwe ndi kuzizira kwa eni ake kuno.

Tidakumana pafupi ndi Queen's Park nthaŵi ya 9 koloko m'maŵa. Muno mu Januwale dzuŵa limatuluka itapitirira 8:30, ndipo cha m'ma 4 koloko madzulo limakhala likuloŵa. Ngakhale masana silikwera pamutu monga kwathu. Limangokwaŵa m'munsi chakumwera, kuŵala kwake kopanda kutentha. Choncho aliyense woyenda ulendo wotere amaŵerengera maola ake monga momwe mayi amaŵerengera ufa wotsala m'mwezi wa Febuluwale.

Tidalipo anthu 14, akazi asanu ndi mmodzi. Wakhungu lakuda ndidali ine ndekha, ndipo watsopano ndidalinso ine ndekha. Mtsogoleri wathu, bambo wina wamtali wopuma pantchito, adayendera njinga iliyonse. Adayesa mabuleki, adaona ngati tili ndi nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, pakuti lamulo la kuno limatero kukada, ndiponso adaonetsetsa kuti aliyense ali ndi madigadi. Za madigadizi musaziyese zachabe. M'nyengo yachisanu boma limathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo tayala lopanda madigadi limamwaza matope amcherewo kumaso kwa mnzako wakumbuyo. Munthu wopanda madigadi amamuika kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndipo palibe amamumvera chisoni.

Pa nkhani ya zovala ndidamvera malangizo. Ankati zovala zopyapyala zitatu zimaposa chijasi chimodzi chochindikala, chifukwa mpweya wokhala pakati pake ndiwo umasunga kutentha, ndipo ukatenthedwa pachitunda ukhoza kuvulako chimodzi. Ankatinso chovala cha thonje chisakhudze khungu, popeza chimamwa thukuta nkukhala chonyoŵa, kenaka nkuyamba kukuziziritsa. Zonsezi ndidachita. Pamene ndidaumira ndi pa magolovesi. Nditaona mtengo wa magolovesi enieni otchinga mphepo, ndidakumbukira fizi ya mwana wa mchemwali wanga kumudzi, ndipo ndidagula oluka otchipa a pamsika.

Tidanyamuka aŵiriaŵiri, kumanzere kwa msewu monga kwathu, kudzera ku Clarkston ndi Waterfoot. Apa mpamene ndidaona kusiyana kwa kupalasa wekha ndi kupalasa pagulu. Aŵiri akutsogolo ndiwo amalimbana ndi mphepo, ndipo otsatira amabisala kumsana kwawo. Akatopa amapatuka nkupita kumbuyo, ena nkuloŵa m'malo mwawo. Wakutsogolo akaona dzenje amaloza pansi ndi dzanja, ndipo chizindikirocho chimayenda mpaka kwa womaliza. Wakumbuyo akamva galimoto amafuula, mau ake nkuyenda kupita kutsogolo. Kumapeto kwa mzere kumakhala munthu wamphamvu amene ntchito yake ndi kutsalira dala, kuti pasakhale wosiyidwa. Ine adandiika pakati, pambali pa mayi wina wachikulire wa tsitsi loyera mbuu, wocheperapo thupi, amene adandiuza kuti ali ndi zaka 74 ndipo wakhala akupalasa kuyambira ali namwali. Mumtima ndidangomutcha agogo.

Eaglesham ndi mudzi wokongola, wa nyumba zamiyala zondandalikana m'misewu iŵiri imene imakakumana kumtunda ngati lemba la A, pakati pake pali bwalo la udzu ndi mitengo. Udamangidwa mwadongosolo chotero kuyambira m'chaka cha 1769. M'minda ya pafupi ndi mudzi umenewu ndimo mudatera Rudolf Hess, wachiŵiri kwa Hitler, atadumpha m'ndege yake usiku wina mu Meyi 1941. Anzanga adandilozera mbali yake tikudutsa, koma kunena zoona maso anga adali pa tayala la munthu wakutsogolo.

Titapitirira kamudzi ka Auldhouse tidayamba kukwera msewu waung'ono wa Ardochrig. Nyumba zidatha, mitengo ya m'mbali mwa minda idatha, kudatsala dambo lalikulu la udzu wofiirira, nkhosa zaubweya wambiri, ndi chipale chofeŵa chitagona m'ngalande. Kudzanja lamanja kudatulukira zimphona zoyera za ku Whitelee, makina opukusa magetsi ndi mphepo. Alipo 215, ndipo malo ameneŵa adatsegulidwa m'chaka cha 2009. Ukaima pafupi umamva mapiko ake akudula mpweya, fuu, fuu, ngati munthu akupeta chimanga m'lichero lalikulu. Ndidaganiza za kuzimazima kwa magetsi kwathu, ndipo ndidachita kaduka pang'ono. Komatu ndidayenera kuganizanso kuti anthu samanga makina otere pamalo popanda mphepo.

Chitundacho ndidachikwera, ngakhale ndidafika pamwamba ndili womaliza, mtima ukugunda m'makutu. Onse adali ataima kundidikira, monga amachitira pa chitunda chilichonse, ndipo mtsogoleri adandifunsa ngati zonse zili bwino. Ndidamwetulira nkunena kuti zili bwino.

Amayi anzanga, lidali bodza. Zala zanga zidayamba kuŵaŵa tili ku Eaglesham, ndipo pofika pamwambapo zidali zitaleka kuŵaŵa. Ine ndidayesa kuti kumeneko ndiko kuchira, osadziŵa kuti ndiko kuipiraipira kwake. Ndikadatha kunena. Koma inu mukudziŵa momwe tidaleredwera: mlendo sadandaula, mkazi amapirira, ndipo ukakhala wekha pakati pa anthu a mtundu wina sufuna kuti akapite kwawo akunena kuti mayi wa ku Africa uja ndiye adatichedwetsa. Ndidabisa manja kumbuyo, ndipo tidayamba kutsetsereka.

Pokwera chitunda thupi limadzitenthetsa lokha ndi ntchito. Potsika miyendo imapuma, thukuta limazizira, ndipo mphepo imawomba molingana ndi liŵiro lako. Magolovesi anga oluka adangokhala ngati sefa. Titafika pokhota pena, wakutsogolo adakweza dzanja kusonyeza kuti pali madzi oundana, tichepetse liŵiro. Ndidatuma zala zanga kuti zikoke mabuleki, koma sizidamve. Ndinkaziona ndi maso zili pa handulo, koma zidali ngati za munthu wina. Njinga idapitirira, ndidadutsa anthu aŵiri ndikukuwa m'Chicheŵa, ndipo posafuna kugunda wachitatu ndidakhotetsera kudambo. Ndidagwera m'ngalande ya udzu ndi chipale, njinga pamwamba panga. Mnyamata amene adali pambuyo panga adatsetsereka pofuna kundipeŵa, nagwa pamsewu nkusupuka chigongono.

Sindidathyoke paliponse, Mulungu ngwabwino. Koma manyazi amene ndinkaŵathaŵa aja adandipeza oŵirikiza kakhumi.

Agogo aja ndiwo adafika poyamba. Sadafunse za njinga kapena za maondo. Adandivula magolovesi nayang'ana zala, zimene nsonga zake zidali zitatuŵa. Ndidayamba kuzitikita, koma adandigwira mkono nandiletsa, kunena kuti chiŵalo chozizidwa chotero sachitikita ndipo sachiyandikiza kumoto, pakuti khungu losamva likhoza kuvulala kapena kupsa mwini wake osadziŵa. Adanditsegula jekete nandiuza kuti ndipise manja m'khwapa. Wina adatulutsa fulasiki ya tiyi wa shuga nandimwetsa ngati mwana. Patapita kanthaŵi magazi adayamba kubwerera, ndipo ululu wake sindidzauiŵala: ngati wina akukubaya ndi singano zamoto pansi pa zikhadabo. Ndidalira misozi pamaso pa anthu osaŵadziŵa.

Kenaka agogowo adapisa m'kachikwama ka pansi pa chishalo natulutsa magolovesi ena, akuluakulu ndi akale. Adati amayenda nawo chaka chilichonse chifukwa nyengo yachisanu siitha popanda wina woŵafuna. Pondiveka adalankhula motsitsa mau kuti ena asamve. Adati pagulu lotere zala zanga si zanga ndekha, chifukwa zikakana kugwira mabuleki wogwa ndi amene ali pambuyo panga. Ndipo munthu akanena msanga kuti wazizidwa, gulu limataya mphindi ziŵiri, koma akabisa limataya theka la ola. Sadakalipe. Zikadakhala bwino akadakalipa.

Ndipo theka la ola lidatayikadi. Anthu 13 adaima pamtetete, mphepo ikuŵaomba, ena akudumphadumpha kuti afunde, wina akumanga bala la mnyamata uja. Palibe adayang'ana wotchi moonetsera, koma ndidadziŵa kuti aliyense akuŵerenga maola a dzuŵa.

Tidafika ku Strathaven nthaŵi itapitirira 12 koloko. Dzina la tauni imeneyi eni ake amalitchula mofupikitsa, zilembo zapakati osazimveketsa, ndipo ine nditalitchula monga limalembedwera adaseka onse, kuseka kwabwino kumene kudandimasula pang'ono. Ndi tauni yakale ya msika, ili ndi bwalo pakati, kamtsinje, ndi bwinja la linga lamiyala pakachulu. Tidaloŵa m'kanyumba ka tiyi, mawindo ali mbuu ndi nthunzi, ndipo tidadya supu wa mphodza zofiira, buledi ndi masikono. Sindikudziŵa ngati supu ameneyo adali wokoma koposa wina aliyense, kapena ndi njala chabe, koma ndidapempha mbale yachiŵiri.

Tili pathebulo ndidapepesa kwa mnyamata uja, ndipo iye adangondionetsa zipsera zina zakale pamkono womwewo. Kenaka ndidafotokozera agogo aja za azakhali anga ndi za lamulo la thalauzi. Ndinkayesa kuti adabwa, koma adati nawonso akazi a kuno adachokera kutali. Adandisimbira za Lady Harberton, mayi wolemekezeka wa ku England, amene m'chaka cha 1898 adakanizidwa kudyera m'chipinda cha alendo pa hotela ina ku Ockham chifukwa adafika pa njinga atavala zovala zogaŵika miyendo m'malo mwa siketi yaitali. Bungwe la Cyclists' Touring Club lidatengera nkhaniyo kukhoti mu 1899, ndipo mwini hotelayo ndiye adapambana. Adandiuzanso za Beryl Burton wa ku Yorkshire, mayi wapabanja, amene mu 1967 adapalasa mamailosi 277 m'maola 12, kuposa mwamuna aliyense wa m'dzikomo kufikira nthaŵi imeneyo. Ndidalakalaka azakhali akadakhala moyo kuti ndikaŵauze, ngakhale ndikudziŵa kuti akadangoti azungu ali ndi zawo.

Tisanatuluke mtsogoleri adandiitanira pambali. Adati ku Strathaven sitima idaleka kufika m'zaka za m'ma 1960, choncho ngati ndatopa, iye adzakhala nane mpaka wina abwere kudzanditenga pa galimoto. Koma ngati ndikufuna kupitiriza, chitunda chachikulu chatha, ndipo chimene akupempha nchimodzi chokha, kuti akandifunsa ndiziyankha zoona. Ndidaganiza za bambo a kwathu ndi funso lawo la sitima lija. Walira mvula walira matope. Ndidati ndipitiriza.

Kuchokera pamenepo tidadzera m'timisewu ta m'minda, ku Glassford ndi ku Quarter, mpaka kutsikira ku Hamilton. Kaŵiri konse ndidafunsidwa za zala, ndipo kachiŵiriko ndidayankha kuti chala chaching'ono chakumanja chayambanso. Tidaima, ndidapisa dzanja m'khwapa, ndipo tisanathe nkomwe kukambirana za mitambo tidali titanyamuka.

Blantyre wa kuno, amayi, akhoza kukukhumudwitsani mukafika ndi chithunzi cha Blantyre wathu. Kulibe Ndirande, kulibe Soche, kulibe phokoso la maminibasi a ku Limbe. Ndi kamzinda ka anthu osakwana 20,000, pamene wathu pa kalembera wa 2018 adapezeka ndi anthu oposa 800,000. Mwana adakula kuposa kholo. Amishoni a Church of Scotland ndiwo adapereka dzinali ku malo awo atsopano m'mapiri a Shire m'chaka cha 1876, pokumbukira kwawo kwa David Livingstone.

Tidatsikira kumtsinje wa Clyde, kumene kuli nyumba yaitali yoyera yotchedwa Shuttle Row. M'nyumba imeneyi, m'chipinda chimodzi chokha chimene banja lonse linkaphikamo ndi kugonamo, ndimo adabadwira Livingstone pa 19 Malichi 1813. Idasandutsidwa malo osungirako mbiri yake mu 1929, ndipo itakonzedwanso idatsegulidwa mu 2021. Chifukwa cha nthaŵi imene ndidataya ija sitidaloŵe. Tidangoima pabwalo pafupi ndi chifanizo chachikulu cha mkango ukumugwira paphewa, monga zidamuchitikira ku Mabotsa mu 1844.

Kusukulu tidaphunzira za Livingstone wa ndevu za pamlomo ndi kapusi, amene adafika pa nyanja yathu mu 1859 namwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873. Koma nditaima pamenepo, mphepo ya mumtsinje ikundiloŵa m'mafupa, amene ndidamuona m'maganizo ndi kamnyamata ka zaka 10, kakutuluka pakhomo limenelo mumdima wa Januwale kupita ku fakitale ya thonje, kumene kankagwira ntchito kuyambira 6 koloko m'maŵa mpaka 8 koloko usiku, kenaka nkupita kusukulu. Ntchito yake idali kulumikiza ulusi woduka ndi zala. Ndidayang'ana zala zanga m'magolovesi obwereka, ndipo ndidaganiza za mayi wake, amene ankamudzutsa. Thonje lambiri la m'mafakitale a ku Britain masiku amenewo linkalimidwa ndi akapolo ku America, ndipo mwana wolumikiza ulusiyo ndiye adadzakhala wodzudzula malonda a akapolo kwathu. Za ubwino ndi kuipa kwa zimene zidatsatira maulendo ake anthu ophunzira amatsutsana mpaka lero, ndipo ine sindidapite kumeneko kukaweruza mlandu.

Anzanga atamva kuti ndidakhalapo zaka zingapo ku Blantyre wathu, adandiimika patsogolo pa nyumbayo nandijambula, chisoti chili chopendekeka, matope ali m'masaya. Mmodzi adafunsa ngati kwathu kumazizira. Ndidati m'maŵa uja ndikadayankha kuti inde.

Tidawoloka Clyde pa kamlatho ka anthu oyenda pansi kopita ku Bothwell, ndipo kuchokera ku Uddingston tidatsata njira ya njinga ya m'mbali mwa mtsinje kudzera ku Cambuslang. Dzuŵa lidaloŵa tili m'njira. Tidayatsa nyali, ndipo patsogolo panga padali mzere wa timagetsi tofiira tikuphethira m'chisisira, kumbuyo kwanga kuŵala kwa munthu wotsalira dala uja. Miyendo idali italema ngati mitanda, chishalo chidasanduka mdani, ndipo makilomita 10 omaliza sindidalankhule ndi munthu. Chapafupi ndi mzinda agogo aja adandiuza kuti tsopano ndi nthaŵi yathu yotsogolera. Ndidakana, koma adati njira ndi yosalala ndipo mphepo yagona. Choncho kwa mphindi zoŵerengeka ine mwana wa pa keliyala ndidakhala kutsogolo, anthu 12 ali kumsana kwanga, ndipo nditaona dzenje ndidaloza pansi ndi dzanja.

Ndidafika pakhomo itangopitirira 5 koloko. Bambo a kwathu adali pawindo, ndipo adatsegula chitseko ndisanagogode. Adayang'ana matope, adayang'ana magolovesi achilendowo, koma sadafunse kanthu. Adandilandira njinga naikweza okha pamasitepe, ndipo m'khichini ndidapeza madzi a nsima ali kale pamoto.

Lolemba lake ndidakagula magolovesi enieni, mapeyala aŵiri, ndipo peyala imodzi ndidaiika m'kachikwama ka pansi pa chishalo. A agogo aja ndidaŵachapa kuti ndikabweze pa ulendo wa pa 25 Januwale. Koma Lachisanu pa 24 kudawomba namondwe wotchedwa Éowyn, amene adatseketsa sukulu ndi kuimitsa sitima zonse m'Scotland, nagwetsa mitengo m'misewu yomwe tidadutsamo, ndipo uthenga udabwera pafoni kuti ulendo walephereka. Bambo a kwathu adandipeza Loŵeruka m'maŵa nditaima pawindo, magolovesi ali m'manja, ndikuyang'ana nthambi zothyoka mumsewu.

"Musadandaule mayi," adatero. "Loŵeruka lina likubwera. Kodi njinga zakaunjika za amuna zimagulidwa kuti?"